Kuyezetsa zotsalira za mankhwala m'madzi ku Harare: zimene makina a fluorescence amaona ndi zimene saona

Malabotale oyeza madzi mu Harare alipo angapo, ndipo aliyense amene anakumbitsapo mjigo amawadziwa. Umapereka botolo la madzi, iwo n'kukuuza ngati muli tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, kuchuluka kwa mchere ndi zitsulo, ndiponso ngati madziwo ndi oyenera kumwa. Koma ukafunsa za zotsalira za mankhwala a kuchipatala, amene timamwa n'kuwatulutsa mu mkodzo ndi m'chimbudzi, ambiri amangopukusa mutu. Labotale imene ndikuiunika pano ndi yaing'ono, ili m'dera lina la mafakitale, ndipo imavomera ntchito imeneyi pogwiritsa ntchito njira ya fluorescence, yomwe ndi kuyeza kuwala kumene zinthu zina zimatulutsa zikaunikidwa ndi nyali yamphamvu. Maganizo anga ndi akuti ntchito yawo ndi yoyenera kuilipira, malinga ngati munthu wadziwiratu funso limene makinawo angathe kuyankha, pakuti pepala limene amapereka pomaliza likhoza kusocheretsa aliyense amene sanamve nawo zimene anafotokoza pakamwa.

Ndine mlembi wa gulu la alimi a ndiwo zamasamba kumadzulo kwa mzinda, chakufupi ndi mtsinje wa Marimba. Ambiri m'gululi ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito kuno m'masiku a chitaganya, ndipo pamisonkhano timalankhulabe Chichewa. Timathirira repu, mpiru, matimati ndi anyezi ndi madzi a pamjigo, koma dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo ena amatunganso mu kamtsinje kamene kamadutsa m'munsi mwa madimba. Aliyense wokhala mu Harare amadziwa kumene madzi a mzindawu amazungulira: a ku malo oyeretsera zonyansa a Crowborough amalowa mu Marimba, a ku Firle amalowa mu Mukuvisi, ndipo onsewo amakathera mu nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 ndipo ndi komwe malo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray amapopa. Za kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndi wa mu 2018 amene anasautsa Glen View ndi Budiriro, palibe amene anaiwala. Komabe zimenezo ndi nkhani za tizilombo, ndipo tizilombo timafa madzi akawiritsidwa. Amene anatikumbutsa kuti mankhwala ambiri sachoka ngakhale madzi atabwata ndi mayi wina wa m'gulu lathu, namwino wopuma pantchito, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti tisonkhe ndalama zoyezetsera madzi athu.

Nkhawa yawo inali ndi maziko. Mu 2022 akatswiri otsogoleredwa ndi yunivesite ya York ku England anafalitsa kafukufuku wa mitsinje 258 ya m'mayiko 104, momwe anafufuza mitundu 61 ya mankhwala. Amene anapezeka kawirikawiri anali carbamazepine, wa khunyu, metformin, wa shuga, ndi caffeine, ndipo madera amene mankhwala anachuluka kwambiri m'madzi anali a kum'mwera kwa Sahara, kum'mwera kwa Asia ndi ku South America. Mayina awiri oyambawo muwasunge, chifukwa ndi amene adzaonetse malire a ntchito imene tinalipira.

Chinthu choyamba chimene chinandigwira mtima n'chakuti anakana kulandira madzi amene tinabwera nawo. Tinali titawathira m'mabotolo apulasitiki a zakumwa, otsukidwa bwino ndi sopo waufa, poganiza kuti ukhondo ndi umenewo. Mtsikana wasayansi amene anatilandira ananyamula botolo limodzi, n'kulinunkhiza, ndipo mwaulemu anati: "Bambo, awa ndikawayeza ndikupatsani zotsatira za sopo wanu, osati za mjigo wanu." Anafotokoza kuti sopo wochapira zovala amaikamo mankhwala owalitsa nsalu, amene amatulutsa kuwala kobiriwira ngati mtambo, pafupi kwambiri ndi pamene mankhwala ena opha tizilombo amawalira. M'malo mwake anatipatsa mabotolo awo agalasi lofiirira, otsukidwa kale, pamodzi ndi pepala la malangizo: kutsukuluza botolo katatu ndi madzi omwewo, kulidzaza mpaka m'khosi, kusakhudza m'kati mwa chitsekerero, kuliika m'bokosi la madzi oundana, ndi kulibweretsa tsiku lomwelo. Galasi lofiiriralo si lokongoletsa ayi, koma n'chifukwa chakuti mankhwala monga ciprofloxacin, amene ndi opha tizilombo, amawonongeka akaombedwa ndi dzuwa. Mabotolowo sanatilipiritse padera.

Titabwerera ndi madzi, anatilola atatu mwa ife kulowa m'chipinda cha makina, zimene malabotale ambiri salola. Makinawo ndi bokosi lotuwa losadabwitsa m'maonekedwe, lolumikizidwa ku kompyuta. M'kati mwake muli nyali ya xenon, ndipo madzi amaikidwa m'kabotolo ka makona anayi kopangidwa ndi quartz, kotalika sentimita imodzi mbali iliyonse, koonekera mbali zonse zinayi. Kuwala kumalowera mbali imodzi, pamene diso la makina limakhala cham'mbali, kuti lisaone nyali yeniyeniyo koma kuwala kokhako kumene madzi akubweza. Pofuna kuti timvetse, mtsikanayo anazimitsa magetsi a m'chipindamo, natenga madzi oyera mbee okhala ndi kwinini pang'ono, n'kuwaunika ndi tochi ya ultraviolet, kuwala kumene maso sakuona. Madziwo anayaka mobiriwira ngati mtambo, ndipo mayi athu anamwino anagwira pakamwa. Kenaka anatsina mchere wa patebulo, n'kuponyamo, natakasa, ndipo kuwala kuja kunazilala tikuona. Anati John Herschel ndi amene analemba za kuwala kwa kwinini mu 1845, ndipo George Stokes anafotokoza chimene chimachitika mu 1852, n'kupereka dzina la fluorescence. Kwinini amalandira kuwala kwa pafupifupi mananomita 350 (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala, umene umasiyanitsa mitundu yake) n'kubweza kwa pafupifupi 450, ndipo chinthu chilichonse chowala chili ndi manambala ake awiri otere, amene ndiwo chizindikiro chake. Za mcherewo anati tizikumbukire tikadzafika pa madzi a m'nyanja yamchere.

Ntchito yawo ili m'magawo awiri, ndipo gawo loyamba, lotsika mtengo, ndi limene ndinaona kuti ndi laphindu kwambiri kwa anthu ngati ife. Madzi amasefedwa ndi sefa ya timabowo ta mamaikiromita 0.45 (maikiromita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), kenaka makina amawaunika ndi kuwala kwa mitundu yambiri motsatizana, n'kujambula chithunzi chokhala ngati mapu a mapiri, chimene amachitchula EEM. Pa mapuwo pali malo amene akatswiri amawatchula T, pamene kuwala kolowa ndi kwa pafupifupi mananomita 275 ndipo kotuluka ndi kwa pafupifupi 340. Pamenepo ndi pamene pamawalira zinthu za mtundu wa mapuloteni zimene zimachuluka m'madzi a suweji. Palinso malo ena otchedwa C, amene amasonyeza zinthu zochokera ku masamba owola ndi dothi. Mapu a madzi a m'kamtsinje anali ndi phiri lalikulu lofiira pa T, moti anachita kuwasungunula ndi madzi oyera asanawayezenso, chifukwa madzi akada kwambiri amameza okha kuwala ndipo makina amanama kuti muli zochepa. Mapu a pamjigo anali pafupifupi athyathyathya, kupatula kachitunda kakang'ono pamalo omwewo. Kachitundako ndi kamene kanatichititsa kukaona bwino pamjigo, ndipo tinapeza kuti simenti yozungulira paipi inang'ambika mbali imene madzi amvula amadikha. Zimenezi tinazidziwa tsiku lomwelo, pomwe kumeretsa tizilombo mu labotale kumafuna tsiku lathunthu kapena kuposa. Mtsikanayo anachenjeza kuti mapuwa salowa m'malo mwa kuyeza tizilomboto, ndipo chenjezolo ndinalikonda.

Gawo lachiwiri ndi lofufuza mankhwala enieniwo, ndipo ndi lodula komanso lochedwa. Mankhwala m'madzi amakhala ochepa zedi, nthawi zambiri m'mananogalamu pa lita, ndipo nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a galamu. Kotero amayamba adontheza theka la lita kapena lita yathunthu kudzera m'kachubu kokhala ndi ufa wogwira mankhwala, kenaka n'kuwatsukamo ndi methanol, mtundu wina wa sipiriti, wochepa kwambiri, kuti zimene zinali mu lita zisonkhane mu mililita imodzi. Akatero amazilowetsa m'makina a HPLC, amene amalekanitsa zinthu kuti zizituluka chimodzichimodzi, diso la fluorescence lili tcheru kumapeto. Njira imeneyi imagwira bwino pa mankhwala amene amawala mwachibadwa, monga ciprofloxacin, amene amalandira kuwala kwa pafupifupi mananomita 278 n'kubweza kwa pafupifupi 450, komanso ofloxacin, naproxen ndi propranolol. M'madzi a m'kamtsinje anapezamo ciprofloxacin, ndipo anatsimikiza pothiramo dala mlingo wodziwika wa mankhwala omwewo n'kuona kuti chizindikiro chakula pamalo omwewo. M'madzi a pamjigo sanapezemo aliwonse mwa amene anafufuza.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lalikulu. Lipoti limene anatipatsa linali ndi mutu wonena za mankhwala m'madzi mwachisawawa, ndipo pa mzere wa mjigo panangolembedwa zilembo ziwiri, ND, kutanthauza kuti sizinapezeke. Sanalembepo mlingo wochepetsetsa umene makina awo angathe kuona, ndipo mndandanda wa mankhwala amene anafufuza unali m'tizilembo ting'onoting'ono patsamba lomaliza. Nditaliwerenga pamsonkhano, anthu anaomba m'manja, ndipo mkulu wina ananena kuti tilimate pachikwangwani pamsika kuti makasitomala aone kuti madzi athu alibe mankhwala. Lipotilo silikunena zimenezo ngakhale pang'ono. Munthu akaima m'dambo usiku n'kuwerenga ziphaniphani, sanganene kuti wawerenga tizilombo tonse ta m'dambomo, pakuti waona tokhato towala. Carbamazepine ndi metformin, amene kafukufuku wa York anawapeza kawirikawiri, sawala mokwanira paokha kuti njira imeneyi iwagwire. Diclofenac, wopha ululu, ndi panado nawonso amawala mofooka. Sulfamethoxazole, amene ali mu bakitirimu, amafunika kuyamba wasakanizidwa ndi mankhwala ena omuwalitsa, ndipo ma ARV monga nevirapine, lamivudine ndi tenofovir sali pa mndandanda wawo. Munthu wodziwa kuchuluka kwa anthu a mu mzinda uno amene amamwa ma ARV ndi bakitirimu tsiku ndi tsiku, ndiponso amene amamwa mankhwala a shuga, aona yekha kuti mankhwala amene tingawayembekezere kwambiri m'madzi a Harare ndi amenenso makinawa sawaona bwino.

Zonsezi mtsikana uja anazinena pakamwa, momveka ndi mosabisa, ndipo pa chilungamo chake ndilibe chomunenera. Koma mawu apakamwa amatsalira m'chipinda chimene ananenedwa, pomwe pepala limayenda, limakopedwa, limatumizidwa pa WhatsApp. Nditabwerera kukapempha kuti alembe mlingo wochepetsetsawo ndi kuika mndandanda patsamba loyamba, mkulu wa labotaleyo anayamba wanena kuti ndi mmene amalembera kwa onse, ndipo zinatengera kuumirira kuti atulutse lipoti lokonzedwa. Lachiwirilo linali labwino, ndipo lingakhale chitsanzo cha mmene ayenera kumalembera popanda kupemphedwa.

Wina angafunse ngati timilingo tochepa chotero tili ndi kanthu. Kwa anthu akumwa, bungwe la WHO linanena mu lipoti lake la mu 2012 kuti pa milingo imene inkapezeka m'madzi akumwa chiopsezo ku thanzi chinali chochepa kwambiri, ndipo silinaike malire a mankhwala alionse. N'chifukwa chake pa lipoti lathu danga la mlingo wovomerezeka linali lopanda kanthu, ndipo pamenepo labotale ilibe mlandu. Koma kwa zamoyo zina nkhani ndi ina. Ku India ndi ku Pakistan miimba inatsala pang'ono kutha chifukwa chodya nyama ya ng'ombe zakufa zimene zinabayidwa diclofenac, mpaka India inaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006. Ku Ontario, m'dziko la Canada, akatswiri anathira dala mankhwala a m'mapiritsi akulera m'nyanja yaing'ono pa mlingo wa mananogalamu 5 kapena 6 pa lita, ndipo mtundu wina wa tinsomba unatsala pang'ono kutheratu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ineyo ndi ciprofloxacin uja, chifukwa ndi amodzi mwa mankhwala amene madokotala amadalira pa taifodi, ndipo tizilombo tikamakumana nawo pang'onopang'ono m'madzi timaphunzira kuwapirira. Mu mzinda umene taifodi amabwerabwera, imeneyo si nkhani yakutali.

Za madzi a m'nyanja yamchere tinayesa chifukwa cha mnzathu wina wa m'gulu amene amaoda nsomba zouma ku Beira, ndipo anafuna kudziwa za madzi a kumene nsombazo zimachokera. Zimbabwe ilibe gombe, koma madzi athu amakafikabe kunyanja: a m'Chivero amatuluka ndi mtsinje wa Manyame, umene umakalowa mu Zambezi cha ku Cahora Bassa, ndipo Zambezi amakathira mu Indian Ocean. Madzi oyamba anabwera ndi dalaivala wa lole wodzera pa chipata cha Forbes ku Mutare, ndipo anafika ali ofunda atakhala pamzere wa pamalire, moti labotale inawakana. Ena amene anafika ozizira anawalandira, koma anatiuziratu kuti tisayembekezere zambiri. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wa pafupifupi magalamu 35, ndipo tinali titaona kale zimene mchere unachita pa kwinini. Kuonjezera apo, nyanja imasungunula chilichonse cholowamo, kotero mankhwala amakhala ochepa kuposa m'mitsinje, ndipo pangafunike malita angapo kuti mupezeke choyeza. Anachita gawo loyamba lokha, naona kuti chizindikiro cha suweji chilipo koma chochepa, ndipo anatilangiza kuti tisataye ndalama pa gawo lachiwiri. Bizinesi imene imakaniza kasitomala kugula chinthu chimene sichimuthandiza ndi yosowa, ndipo pa ichi ndikuwayamikira. Komabe pa kapepala kawo kotsatsa ntchito analembapo kuti amayeza madzi a mtundu uliwonse kuphatikizapo a m'nyanja, ndipo ndikuona kuti mawu amenewo akupitirira zimene angathe.

Zovuta zina ndi zimene aliyense wochita bizinesi kuno amazidziwa. Zotsatira za gawo lachiwiri zinachedwa kuposa tsiku limene analonjeza, chifukwa mankhwala oyera amene amayerekezera nawo amachokera ku South Africa ndipo ena anali atawathera. Foni sanaimbe kutidziwitsa, tinachita kufunsa tokha. Pa kuthima kwa magetsi anakonzekera bwino, pakuti firiji yosungira madzi ndi makina ali pa sola, zimene ndinaziona ndi maso anga. Mitengo amatchula m'madola a ku America, ndipo mtengo umene anatiuza poyamba sunaphatikize machubu ogwirira mankhwala aja, amene amagwira ntchito kamodzi kokha pa botolo lililonse, moti msungichuma wathu anadzidzimuka ataona invoyisi. Gulu la anthu osonkha ndalama silifunika kudzidzimutsidwa chotero, ndipo ndi bwino kupempha mtengo wonse wolembedwa musanapereke botolo.

Mfundo ina imene ambiri saifunsa ndi ya chivomerezo. Malabotale odalirika amayendera muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo m'mayiko ambiri a SADC, kuphatikizapo Zimbabwe, chivomerezocho chimaperekedwa ndi bungwe la SADCAS la ku Gaborone. Chivomerezo chotere chimaperekedwa pa njira iliyonse payokha, osati pa nyumba yonse. Satifiketi yopachikidwa pakhoma m'labotaleyi ndi ya mayeso a masiku onse a madzi akumwa, ndipo njira yofufuzira mankhwala siili m'gulumo, zimene iwo anavomera nditawafunsa. Tanthauzo lake n'lakuti lipoti lawo ndi lothandiza ife eni kudziwa chochita, koma munthu amene akufuna kukadandaula ku bungwe la boma loona za chilengedwe la Environmental Management Agency kapena kukhoti kuti fakitale kapena chipatala china chikuipitsa mtsinje adzafunika umboni wolimba kuposa pamenepa. Umboni wotero umachokera ku makina a LC-MS/MS, amene amazindikira mankhwala potengera kulemera kwa timagawo take, kaya ndi owala kapena ayi. Labotaleyi ilibe makina amenewo, koma imathandiza kukonza ndi kutumiza machubu ku malabotale a ku South Africa, pa mtengo wokwera kwambiri.

Amene ntchitoyi ingawathandize ndi makomiti a mijigo ya m'mipingo ndi m'masukulu, alimi a m'madimba, ndi oweta nsomba m'maiwe, makamaka amene akufuna kudziwa msanga ngati suweji ikulowa m'madzi awo ndiponso ngati zinthu zikusintha pakati pa chilimwe ndi dzinja. Ife tinamata simenti ya pamjigo, tinaleka kuthirira ndiwo zodyedwa zosaphika ndi madzi a m'kamtsinje, ndipo tagwirizana zochita gawo loyamba lokha mvula ikayamba ndiponso ikatha. Ndalama zimene tikanalipira pa gawo lachiwiri tikuzisunga kuti tidzatumize madzi a pamjigo ku LC-MS/MS, ndipo pa mndandanda umene mayi athu anamwino alemba pali carbamazepine, metformin, sulfamethoxazole ndi nevirapine.